Maganizo athuwa ndi athudi, kapena tinabwereka kuchipani?

Palibe mwa ife amene sanamvepo mkangano wa ndale kumalo ogona usiku magetsi atazima, kapena pamzere wa chakudya chamasana. Umayambira pa mtengo wa shuga, n'kudutsa pa kusowa kwa mafuta a galimoto, ndipo usanathe pamapezeka wina wodziguguda pachifuwa amvekere, "Ine sindisintha. Kwathu tinayamba kalekale kuvotera chipanichi, ndipo ndidzafera momwemo." Timamuseka, komabe pansi pa mtima enafe timamusirira, poti munthu wosagwedezeka amaoneka wa mfundo.

Tikufuna timufunse mnzathuyu funso limodzi, ndipo funsolo likutikhudza tonse. Chimene sichisinthacho n'chiyani kwenikweni? Kodi ndi zimene amakhulupirira pa nkhani ya mphamvu ya kwacha, ya aphungu osamuka zipani, ya kasankhidwe ka mtsogoleri wa dziko? Kapena ndi mtundu wa nsalu basi? Mmene ife tikuonera, kwa ambiri chokhazikika ndi nsaluyo. Maganizo pa nkhani zinazo amangotsata m'mbuyo ngati ngolo, ng'ombe ikakhotera kumanzere nayo ikhotere komweko, mwiningolo n'kumalumbira kuti sanapatuke panjira.

Tiyambe ndi mbendera, chifukwa nkhani yake ndi yosabisika. Mu July 2010 boma la Bingu wa Mutharika linasintha mbendera ya dziko. Dzuwa lofiira lotuluka lija linachotsedwa, n'kuikapo dzuwa loyera lathunthu pakati, akuti poti Malawi anali atatukuka ndipo kunacha kale. Nyumba ya Malamulo inavomereza. Bingu anamwalira pa 5 April 2012, Joyce Banda n'kulowa m'malo, ndipo mwezi wa May usanathe Nyumba yomweyo inavomerezanso kuti mbendera yakale ibwerere. Pakati apa sipanachitike chisankho cha aphungu. Amene anakhala m'mipando mu 2010 ndi omwewo amene anakhalamo mu 2012, osankhidwa mu 2009. Dzuwa silinasinthe, chuma sichinabwerere m'mbuyo ndi zaka makumi anayi m'miyezi 22. Chinasintha ndi mwini mpando waukulu. Ndipo kumidzi ndi m'matauni, ambiri amene anaomba m'manja pa mbendera yatsopano anaombanso m'manja yakale itabwerera, osaona chachilendo.

Gawo 65 la malamulo oyendetsera dziko lili ndi mbiri yofanana. Gawoli limati phungu amene wasankhidwa pa tikiti ya chipani china n'kusamukira ku chipani china cha m'Nyumbamo ataye mpando wake. Bingu atatuluka mu UDF mu February 2005 n'kuyambitsa DPP, aphungu ambiri anamutsatira. A UDF ndi a MCP anaumirira kuti Sipikala agwiritse ntchito gawo 65, mpaka ndondomeko ya chuma cha boma inkachedwa kuvomerezedwa mu 2007 ndi 2008. Okonda DPP nthawi imeneyo ankati gawoli ndi chida cha anthu ansanje ofuna kugwetsa boma logwira ntchito. Patangopita zaka zochepa, mu 2012, aphungu anakhamukira ku PP ya Joyce Banda, ndipo amene anathamangira kwa Sipikala kukapempha gawo 65 anali a DPP. Atsogoleriwo sitikuwadabwa, ankateteza mipando yawo. Tikudabwa ife owatsatira, amene tinalibe mpando woti titeteze, koma tinatembenuka nawo tsiku lomwelo, mtima uli mbee.

Izi si za Amalawi okha ayi. Katswiri wina wa ku America, Philip Converse, anasanthula mayankho a anthu omwewo amene anafunsidwa mafunso omwewo katatu, mu 1956, 1958 ndi 1960. Zimene anasindikiza mu 1964 zinadabwitsa ambiri. Pa nkhani monga yoti boma lizithandiza maiko ena kapena ayi, ambiri ankayankha zina chaka chino, zina patapita zaka ziwiri, ngati akungoponya ndalama m'mwamba. Koma pa funso loti ali mbali ya chipani chiti, mayankho sankasinthasintha. Mu 2003 katswiri winanso, Geoffrey Cohen, anayesa ophunzira a pa yunivesite ngati ifeyo. Anawapatsa ndondomeko yothandizira osauka kuti aiwerenge, ena yowolowa manja kwambiri, ena youmira. Kenaka ankawauza chipani chimene chikuikonda ndondomekoyo. Ophunzirawo ankavomereza ndondomeko iliyonse imene auzidwa kuti chipani chawo chikuifuna, ngakhale yotsutsana ndi zimene chipanicho chimadziwika nazo. Atafunsidwa ngati dzina la chipani linawakopa, anakana. Anati anaweruza okha poona zimene zinalembedwa, koma anavomera kuti a chipani chinacho ndiwo amangotsata atsogoleri awo. Mawu amenewa si achilendo kumalo ogona kuja.

Nkhani ya kwacha ndiyo imatigwira bwino. Bingu anakana kwamtuwagalu kuchepetsa mphamvu ya kwacha, ngakhale ndalama zakunja ndi mafuta zinasowa mpaka galimoto zinkagona pamizere. Joyce Banda atangolowa, mu May 2012, kwacha inagwetsedwa kuchoka pa pafupifupi K168 kufika pa K250 pa dola imodzi. Boma la Lazarus Chakwera linaigwetsa ndi 25 pa 100 alionse mu May 2022, n'kuigwetsanso ndi 44 pa 100 alionse mu November 2023. Pali zifukwa zomveka zovomerezera mchitidwewu ndipo pali zomveka zoukanira, akatswiri a zachuma amakangana mpaka lero. Munthu angathe kunena kuti kusunga kwacha pa mtengo wabodza kumangonenepetsa osintha ndalama mumsewu. Wina angathe kunena kuti dziko logula kunja feteleza, mafuta ndi mankhwala, koma logulitsa fodya, tiyi ndi shuga basi, likagwetsa ndalama yake limangolanga osauka. Onse awiri ali ndi mfundo. Koma funsani achibale amene anaona nthawi zonse zitatuzi, ndipo muwerenge angati anakhala mbali imodzi nthawi zonsezo. Ambiri ankati "ndi mankhwala owawa koma ochiza" pamene wolamula anali wawo, n'kumati "akufuna kutipha" pamene wolamula anali wa eni.

Tisafulumire kunena kuti kutsata chipani ndi uchitsiru. Mayi amene amadzuka mbandakucha kupita kudimba, n'kubwerera kukaphika ndi kusamalira odwala, alibe nthawi yowerenga ndondomeko ya chuma ya masamba mazanamazana. Nafenso, tinene zoona, sitinaiwerengepo. Munthu amafuna wina womukhulupirira amene angamuuze kuti nkhani iyi ili chonchi. M'maiko amene zipani zakhala zaka zambiri zikudziwika ndi mfundo zake, china cha antchito, china cha amalonda, kutsata chipani kumamuthandiza wovota kuti maganizo ake asamangouluka ndi mphepo ya wailesi. Chipani chikakhala ndi msana, wochitsata amabwereka msanawo. Vuto limabwera pamene chipanicho chilibe msana. Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Ngati amene tamutuma kukatimverera ali ndi zake zofuna, ndipo zofunazo zimasintha akalowa m'boma kapena akatuluka, zimene atibweretsere zidzasinthanso, ife n'kumaziyesa maganizo athu.

Nanga zipani zathu zinamangidwa pa chiyani? Mbiri ikuyankha. Pa riferendamu ya pa 14 June 1993, pafupifupi anthu awiri mwa atatu alionse anasankha nyali ya matipate, koma maboma ambiri a chigawo chapakati anakhala ndi tambala wakuda. Pa chisankho cha pa 17 May 1994 mapu anaoneka bwino lomwe. Bakili Muluzi wa UDF anapeza mavoti 47 pa 100 alionse, ambiri a kummwera. Kamuzu Banda wa MCP anapeza 33, ambiri a pakati. Chakufwa Chihana wa AFORD anapeza pafupifupi 19, ndipo chipani chake chinasesa mipando yonse 33 ya kumpoto. Anthu a ku Rumphi sanawerenge mfundo za chuma za AFORD n'kuziona zoposa za UDF. Anthu a ku Machinga sanachite zimenezo ndi za UDF. Aliyense anayang'ana kumene mtsogoleri anachokera, n'kuganiza kuti msewu, chipatala ndi ntchito zidzatsata njira yomweyo.

Ena amati zimenezi n'zachibadwa, mitundu siigwirizana basi. Kafukufuku wa Daniel Posner, wosindikizidwa mu 2004, amatsutsa zimenezo ndi chitsanzo cha pakhomo pathu pomwe. Iye anafunsa Achewa ndi Atumbuka a m'midzi yoyandikana mbali zonse ziwiri za malire a Malawi ndi Zambia. Miyambo yake ndi yomweyo, kusiyana kwa chikamwini ndi malowolo n'komweko. Koma a mbali ya Malawi ndi amene ankaonetsa kukayikirana kwambiri pa nkhani yokwatirana ndi yovotera mtsogoleri wa mtundu winawo, pamene a ku Zambia ankadziona ngati amodzi, anthu a kummawa. Iye anafotokoza kuti ku Malawi mitundu iwiriyi ndi yaikulu poyerekeza ndi dziko lonse, choncho wandale amapindula akamanga chipani pa umodzi mwa iyo. Ku Zambia yonse iwiri ndi yaing'ono, ndiye wandale amapindula akaiphatikiza. Kunena kwina, ngakhale mmene timamuonera mnansi wathu wa chilankhulo china, zimene timayesa kuti tinayamwira, zili ndi zala za zipani.

Chipani chomangidwa pa munthu chimayenda ndi munthuyo. Chihana anatchuka chifukwa cholimbana ndi ulamuliro wa mtsogoleri wamuyaya, anamangidwa mu April 1992 atangotsika ndege. Patapita zaka khumi, mu July 2002, iye anali mbali ya ofuna kuti malire a zaka zolamulira mtsogoleri achotsedwe kuti Muluzi aimenso, ndipo bilu yake inabweretsedwa m'Nyumba ndi phungu wa AFORD. Inalephera ndi mavoti atatu okha. Apa otsatira ambiri anakana kukhota ndi ng'ombe. AFORD imene inali ndi aphungu 36 mu 1994 inatsala ndi 6 mu 2004. PP inadzaza Nyumba ya Malamulo ndi nsalu za olenji mu 2012, inapeza mipando 26 mu 2014, n'kutsala ndi 5 mu 2019. UDF inachoka pa mipando 85 mu 1994 kufika pa 10 mu 2019. Wovota amene anaika mtima wake pa zipani zimenezi anatsala ngati mbuzi imene chikhomo chake chazuka, chingwe chili m'khosi koma palibe pomangirira. N'chifukwa chake mu 2014 aphungu oima paokha anaposa 50, ndipo mu 2019 zinateronso. N'chifukwa chakenso ndalama za m'manja, nsalu ndi matumba a ufa zimagwira ntchito nthawi ya kampeni, ngakhale lamulo la zipani la 2018 linaletsa. Pamene palibe mfundo yokhalitsa, fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Komatu nkhaniyi ili ndi mbali ina, ndipo ndi imene imatipatsa chiyembekezo. Pali nkhani zimene chipani chimalephera kumuuza munthu choti aganize, chifukwa mwiniwake amazimva m'thupi. Feteleza ndi imodzi. Kuyambira pamene makuponi a zipangizo zaulimi zotsika mtengo anayamba mu 2005, palibe chipani chachikulu chimene chalimba mtima kulonjeza kuti chidzathetseratu thandizo la feteleza wotsika mtengo. Dzina limasintha, mtengo umasintha, mu 2020 tinamva za thumba la K4,495, koma apa ndi zipani zimene zimatsata alimi. Mu 2009 nkhokwe zodzaza zinaphwanya mapu a 1994, Bingu anapeza mavoti 66 pa 100 alionse, kumpoto komwe n'kumuvotera mwaunyinji. Pasanapite nthawi boma lomwelo linabwezeretsa kota posankha ophunzira opita ku yunivesite za boma. Makolo a kumpoto amene mwana wawo anakhoza bwino n'kusiyidwa sanadikire chipani chilichonse kuti chiwauze mmene amvere. Pa 20 July 2011 anthu anali m'misewu chifukwa cha mafuta, ndalama zakunja ndi ulamuliro wankhanza, anthu pafupifupi 20 anaphedwa, ambiri mwa iwo ku Mzuzu, mzinda umene unali utamuvotera zaka ziwiri zokha m'mbuyomo.

Zaposachedwa tonse tikuzikumbukira. Bwalo la milandu litathetsa pa 3 February 2020 zotsatira za chisankho cha Tipp-Ex, Chakwera ndi Saulos Chilima anapambana pa 23 June ndi mavoti pafupifupi 59 pa 100 alionse. Pa 16 September 2025 Chakwera yemweyo anapeza 33, Peter Mutharika n'kubwerera ndi pafupifupi 57. Amene anasuntha apa ndi ochuluka zedi, ndipo sanasunthe chifukwa chowerenga mamanifesito. Anasuntha chifukwa cha mtengo wa chimanga ndi mizere ya mafuta. Taonaninso kuti 33 ameneyu akufanana ndi amene Kamuzu anapeza mu 1994. Sitikunena kuti ndi anthu omwewo, ambiri a 1994 anatisiya kale. Koma zikuoneka kuti pali mwala wa pansi umene sugwedezeka zivute zitani, ndipo DPP nayo ili ndi wake ku Thyolo, Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu. Pamwamba pa miyalayo pali mchenga umene umasamuka chisankho chilichonse.

Choseketsa n'chakuti lamulo la 50+1, limene Nyumba ya Malamulo inalikana mu December 2017 boma lili m'manja mwa DPP, ndi lomwe Mutharika wapambana nalo mosavuta mu 2025. Amene ankati lamuloli ndi chiwembu chochotsera mtsogoleri wawo lero akulinyadira kuti likusonyeza kuti dziko lonse linawafuna. Amene ankaliimbira nyimbo mu 2020 ena ayamba kung'ung'udza. Mfundo yeniyeni ya lamuloli sinasinthe.

Ndiye chithunzi chake n'chotere: pa zimene zimatipweteka m'mimba, timaganiza tokha, ngakhale mochedwa ndiponso mwaukali. Pa zimene zili patali ndi mphika, monga malamulo a chisankho, ufulu wa makhoti, mphamvu za mtsogoleri, ngongole za boma, ufulu wochita zionetsero, timalola chipani kutiganizira. Tsoka lake n'lakuti zakutalizo ndi zimene zimadzabala za m'mimbazo patapita zaka. Ngongole imene tinaiombera m'manja chifukwa anatenga ndi athu ndi imene idzakweze mtengo wa sopo. Mphamvu imene tinamulola mtsogoleri wathu kuti akhale nayo idzagwera m'manja mwa amene timamuopa.

Pano tidziyang'ane ife ophunzira, chifukwa chiyeso chathu n'choganiza kuti zonsezi ndi matenda a anthu osapita kusukulu. Katswiri John Zaller anaonetsa mu 1992 kuti atsogoleri a zipani akagawanika pa nkhani, anthu amene amatsatira kwambiri nkhani za ndale ndi amene amagawanika msanga motsata zipani zawo. Chifukwa chake n'chosavuta. Agogo kumudzi mwina sanamve n'komwe kuti chipani chawo chasintha maganizo pa gawo 65. Ife timamva tsiku lomwelo pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp, ndipo sukulu yatipatsa luso lopezera zifukwa zokongola zoikira kumbuyo chilichonse. Munthu wodziwa kulemba nkhani ya mayeso yokhala ndi mfundo zisanu angathe kuteteza lero chimene anachinyoza chaka chatha, mfundo zisanu zili ndondondo, osachita manyazi.

Zimafika ndi kumpingo komwe. Abale awiri okhala benchi limodzi, oimba kwaya imodzi, amagwirizana kuti kuba n'koipa. Koma tchulani Cashgate ya 2013, kapena nkhani ina ya katangale ya boma ili kapena lija, muone mmene mmodzi akufunira kuti wakubayo amangidwe lero lomwe pamene winayo akuti tidikire umboni. Sinthani dzina la chipani, iwonso asinthana malo. Ena afika poleka kudyerana nsima pa zinthu zimene atsogoleri awo, chisankho chikayandikira, amakhala pansi n'kupanga mgwirizano. Gwanda Chakuamba anaimira mgwirizano wa MCP ndi AFORD mu 1999, anaimira Mgwirizano wina mu 2004, kenaka anakhala nduna ya Bingu amene ankapikisana naye. Amene anadana ndi achibale chifukwa cha iye anatsala ndi udaniwo okha.

Sitikuuza aliyense kuti asiye chipani chake, kapena kuti asavote. Sitikunenanso kuti kusintha maganizo n'kulakwa. Munthu amene ankadana ndi kugwetsa kwacha, n'kuphunzira zachuma, n'kuona kuti analakwitsa, wachita bwino kusintha. Chimene tikukana ndi kusintha kumene tsiku lake limangofanana ndi tsiku lolumbiritsa mtsogoleri watsopano.

Pali kayeso kakang'ono kamene ena mwa ife tagwirizana kuchita, ndipo aliyense angathe kuyesa. Tengani pepala, mulembe zimene mukukhulupirira lero pa nkhani zingapo. Phungu wosamuka chipani ataye mpando kapena ayi? Boma lili ndi ufulu woletsa zionetsero? Mtsogoleri azisankha yekha akuluakulu a bungwe loyendetsa zisankho ndi lothana ndi katangale? Wailesi ya boma izipereka mpata wofanana kwa otsutsa? Nduna yotchulidwa pa mlandu wa ndalama iyambe yatula pansi udindo, kapena idikire chigamulo? Pansi pa yankho lililonse mulembe chifukwa chake, popanda kutchula dzina la munthu kapena la chipani. Ena tayesa kale, ndipo tapeza kuti mbali yovuta ndi imeneyi. Cholembera chimangofuna kulemba kuti "chifukwa anthu awa", ndipo ukachiletsa, pa mafunso awiri kapena atatu umapeza kuti ulibe cholemba.

Mukatha, lembani deti, mupinde pepalalo, muliike pamodzi ndi masatifiketi anu, poti amenewo sitiwataya. Chisankho china chikubwera mu 2030. Ambiri a ife tidzakhala tili pantchito nthawi imeneyo, ena m'kalasi ndi choko, ena m'wodi, ena m'maofesi a boma momwemo, ndipo ena mwa ife chipani chathu chidzakhala chitasinthana malo ndi chinzake. Pepalalo mudzalitsegule patatha mwezi umodzi mtsogoleri atalumbira.